A Mashalo ndi Tambala wa Chinkhoswe

Amalawi ambiri a ku South Bend, ku America, sadziwa kuti dzina lenileni la a Mashalo ndi Bizwick Kachingwe. Ngakhale abusa akamalengeza za mayendedwe amangoti, "Ofuna malo m'galimoto akaonane ndi a Mashalo." Dzinali silinachokere ku usilikali. Bambowa sanagwirepo mfuti chibadwire, ndipo akazi awo, Mayi Sophia, amachitira umboni kuti ngakhale khoswe akalowa m'khitchini amapha ndi iwo, osati amuna awo. Dzinali linachokera m'buku.

Ali Fomu 2 pasukulu ina yogonera ku Dedza, anapatsidwa chibalo chosesa mulaibulale. Kuseri kwa shelefu anatolako buku lopanda chikuto, lodyedwa ndi chiswe m'mphepete, lofotokoza nkhondo za Napoleon wa ku France ndi akuluakulu a asilikali ake, amene ankatchedwa mamashalo. Tsache analitsamiritsa kukhoma n'kukhala pansi. Chibalo chinawonjezedwa, koma zinali zitachitika kale. Atakula anakhala mphunzitsi wa mbiri yakale ku Mchinji, kumene ophunzira ankadziwa kuti ukafuna kuti mayeso a lero asalembedwe, ungokweza mkono n'kufunsa kuti, "Sala, kodi ku Waterloo chinavuta n'chiyani kwenikweni?"

Ku America anabwera moperekeza. Mayi Sophia ndi amene anapeza malo ophunzira unamwino, ndipo a Kachingwe anabwera ndi masutikesi komanso mwana wawo Shalom. Lero amagwira ntchito pachipatala china cha m'kati mwa tawuni, yokankha odwala pa wilitcheya kuchokera ku wodi kupita kojambulitsa. Ntchitoyi amaikonda. Anzawo amati amaikonda chifukwa wodwala wa pa wilitcheya sangathawe nkhani, koma apa tisawanamizire: amayamba apempha kaye chilolezo, ndipo pali agogo ena achizungu amene amachita kuwaitanitsa kuti adzamalize za nkhondo ya ku Austerlitz. Kunyumba, m'chipinda chapansi, ali ndi tebulo lodzaza tiasilikali tachitsulo timene amapenta okha, jekete la buluu, thalauza loyera. Shalom ali wamng'ono ankatiwerengera ngati abale.

Mwa mamashalo onse, alipo mmodzi amene a Kachingwe sanamukhululukirepo, dzina lake Grouchy. Nkhani yake, monga amaifotokozera iwo, ndi yakuti Napoleon anamupatsa gulu lalikulu la asilikali n'kumuuza kuti atsatire adani a ku Prussia. Tsiku la nkhondo ya ku Waterloo, Grouchy ankamva mizinga ikulira chapatali, anzake n'kumamuchonderera kuti apite kumene kukulira mizingako, koma iye anakakamira pa zimene anauzidwa. Sanafike, ndipo Napoleon anagonja. A Kachingwe akafika pamenepa amavula magalasi.

"Munthu wamkulu, wamakutu ake awiri," amatero. "Akumva kuti kwavuta, iye ali phee, akuti ndinauzidwa."

Chaka chimene tikunenachi, mwezi wa Meyi, a Kachingwe anapatsidwa nkhondo yawoyawo. Kenan, mwana wa mlongo wawo amene ankakhala nawo kuchokera pamene anabwera kudzaphunzira, anapeza mbeta ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis, dzina lake Chawezi. Amayi ake a Kenan anakanizidwa chitupa cholowera m'dziko muno, choncho anaimba foni kuchokera ku Dedza.

"Achimwene, inu ndiye malume, inu ndiye nkhoswe. Mwanayo ndamusiya m'manja mwanu. Chonde musakandichititse manyazi kwa eni mwana wamkazi."

Aka kanali koyamba kuti a Kachingwe akhale nkhoswe, ndipo mnzawo wa kuchikazi sanali munthu wamasewera. A Tuntufye Mwakalinga, malume ake a Chawezi, ndi mkulu wa mpingo ndiponso katswiri wa mankhwala. Kwawo ndi ku Karonga, chinkhoswe anachidziwira ku Lilongwe atakula kale, ndipo monga amachitira anthu ambiri amene mwambo auphunzira ukulu, ankaugwira molimba kuposa eni ake. Pamsonkhano wa mabanja awiriwa anaima pamaso pa anthu onse n'kunena kuti pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka thadzi, ndipo iwo sadzalandira nkhuku za m'shopu zino, zopanda mutu ndi mapazi, zosadziwika ngati zinali zazimuna kapena zazikazi.

"Ndikufuna tambala wamoyo, woti alire anthu amve. Popanda ameneyo, mwana sitipereka."

A Kachingwe anavomera mosangalala, chifukwa apa ndi pamene panafunika mapulani. Tambala anamupeza kwa alimi a Chiamishi, aja oyenda pa ngolo za akavalo, kufupi ndi Nappanee. Anali wofiira, wamchira wakuda, wamaso achipongwe. Anagwirizana ndi mlimiyo kuti adzatengedwa m'mawa wa tsiku lomwelo, popeza m'tawuni anansi salola kuti tambala agone pakhomo.

Kutatsala sabata imodzi anaitanitsa msonkhano patebulo lodyera. Botolo la mchere linali South Bend, la tsabola linali Beech Grove. Anafotokoza mmene Napoleon anagonjetsera asilikali a ku Austria ku Ulm mu 1805: magulu ake anayenda misewu yosiyanasiyana, lililonse palokha, n'kudzakumana pamalo amodzi mdani asanadziwe chimene chikuchitika.

"Mdani ndi ndani, malume?" anafunsa Kenan.

"Palibe mdani. Ndi chitsanzo chabe."

"Mdani ndi nthawi," anatero Mayi Sophia. "Ndipo mukuithera pa mchere."

Magulu anakhala atatu. Amayi a mumpingo anyamuka m'mamawa ndi lichero, miphika, mithiko ndi tsache zokapereka kwa mkwatibwi. A Kachingwe, Mayi Sophia ndi Kenan abwera pambuyo. Gulu lachitatu, la tambala, linaperekedwa kwa a Yohane Sambani.

A Yohane anasankhidwa chifukwa cha kukhulupirika. Kumudzi anali dalaivala wa boma zaka zambiri, ndipo ntchito yawo yeniyeni sinali kuyendetsa galimoto koma kudikira. Bwana akalowa muofesi n'kunena kuti "ndikupeza," iwo ankakhala panja mpaka dzuwa kupendeka, osafunsa, osagogoda. Anali atangotha chaka chimodzi ku America, ndipo ankawatchulabe a Kachingwe kuti bwana ngakhale ataletsedwa.

"A Yohane, mvetsetsani. Mukatenga tambala ku Nappanee, mutsike mpaka ku Kokomo. Mukaime pa filing'i ija timamwera tiyi. Musasunthe. Mukaona galimoto yanga, mulowe kumbuyo kwanga. Ndipo pasakhale zoimbaimba mafoni, ine ndikamadiraiva sindiyankha."

"Ndamva, bwana."

Loweruka linafika. Ananyamuka mochedwerapo chifukwa tayi ya Kenan inasowa, koma kumwamba kunali koyera ndipo msewu wa 31 unali wopanda anthu ambiri. Kenan ankangokonzakonza tayi yake. A Kachingwe anaona kuti mnyamatayo akufunika kulimbikitsidwa, ndiye anayamba kumufotokozera za Waterloo kuyambira mvula imene inagwa dzulo lake. Foni inkanena njira, iwo n'kumangotsatira. Chimene sanachiganizire n'chakuti ku Kokomo msewu umagawikana. Wakale umalowa m'tawuni, kumene kuli filing'i ija, pamene watsopano umadutsa kunja, m'minda ya chimanga. Foni inasankha watsopano.

Atayenda pang'ono, Mayi Sophia anafunsa ngati sanapitirire Kokomo. A Kachingwe anayang'ana pagalasi n'kuona vani yotuwa ngati ya a Yohane ikubwera pambuyo pawo.

"Si awo a Yohane? Alowa kale pamzere. Umu ndi mmene gulu lophunzitsidwa limachitira, amayi. Popanda phokoso."

Vaniyo inawatsatira mokhulupirika. Inazungulira nawo Indianapolis, inapatuka nawo, inalowa nawo Beech Grove. A Kachingwe atakhotera pageti la holo ya tchalitchi imene anabuka, vaniyo inapitirira, ndipo anaona kuti woyendetsa ndi mayi wachizungu, pambali pake patakhala galu wamkulu wotulutsa lilime.

Foni ya a Yohane inangoitana kamodzi.

"A Yohane, muli kuti?"

"Pamene munandiuza, bwana."

"Ku Kokomo?"

"Eya. Tambala ali bwino. Ndamupatsa madzi ndi bisiketi."

"Simunaone kuti nthawi yapita?"

"Ndinaona, bwana. Ndinadabwa ndithu. Koma munati ndisasunthe, ndiponso ndisaimbe."

A Kachingwe anatsegula pakamwa, koma mawu amene anabwera anali omwe aja amanenera munthu wina wa ku France, ndipo anawameza. Anangoti, "Nyamukani tsopano. Muthamange, koma apolisi asakugwireni." Mayi Sophia anali akukonza duku pagalasi la galimoto.

"Ndiye Grouchy wanu uja," anatero osatembenuka, "anamulamula ndani?"

Kuchokera ku Kokomo kufika pamenepo ndi ulendo woposa ola. M'holo anthu anali atadzaza kale, akuchikazi mbali iyi atavala nsalu yobiriwira, akuchimuna mbali inayo yachikasu. A Mwakalinga anali ataima pakhomo akuyang'ana wotchi, ndipo anakumbutsa mwaulemu kuti eni tchalitchi akufuna holo yawo madzulo, choncho mwambo uyamba pompano. A Kachingwe anaganiza za mlongo wawo, amene pa nthawiyo anali atakhala pakhonde ku Dedza, foni ili pamwendo, kudikira zithunzi. Kenako anaganiza za Mashalo Ney, amene pothawa ku Russia mu 1812 anatsalira kumbuyo ndi anthu ochepa, n'kumachedwetsa adani kuti anzake apulumuke. Anamanga batani la jekete n'kulowa.

Pemphero linatha msanga, zimene sizichitikachitika. Malonje anatha. A Kachingwe anaimirira n'kunena kuti mwana wa mlongo wawo anaona duwa pakhomo pano ndipo abwera kudzalipempha. Apa mwambo umafuna kuti akuchikazi atulutse akazi ofundidwa zitenje kumutu, mmodzimmodzi, kuti akuchimuna anene ngati ali amene akumufunayo. Kawirikawiri ndi masewera a mphindi zochepa.

Woyamba anatuluka akuvina pang'onopang'ono. Aliyense m'holomo anadziwa kuti ndi amayi busa, chifukwa palibenso wina ku Indianapolis amene amavala nsapato zoyera za anamwino pachikondwerero. A Kachingwe anavala magalasi. Anawazungulira. Anabwerera kukanong'onezana ndi Kenan, amene anangoti, "Malume, si ameneyo." Anabweranso n'kupempha kuti mlendoyo ayende pang'ono, aone mayendedwe.

"Mayendedwewa akufananako," anatero mokayika. "Koma msinkhu ukundisokoneza. Tabwerezani, mayi."

Holo inafa ndi phwete. Amayi busa anayenda uku ndi uku, chitenje chikugwedezeka ndi kuseka, mpaka anachita kudzivundukula okha n'kunena kuti akubanika.

Wachiwiri anali msuweni wake wa Chawezi, wamtali ngati mlongoti. A Kachingwe anapempha mpando kuti akwerepo aone bwino. Anapempha madzi akumwa. Anafunsa oimba ngati angabwereze nyimbo ija, chifukwa maganizo awo amayenda bwino pakakhala nyimbo. Anthu ankaseka, koma kuseka kwake kunayamba kuchepa, ndipo amayi ena a kukhitchini anali atasuzumira kale kawiri konse. Foni inanjenjemera m'thumba. A Yohane anali atatekisita kuti apeza ntchito yokonza msewu, magalimoto akuyenda ngati maliro.

Wachitatu atatuluka, nthungululu zinamveka mbali ya akuchikazi. Kenan anadzuka theka, malume ake n'kumukhazika pansi pomugwira bondo. Uyu anali Chawezi. Apa masewera anatha. Kuzungulira amayi busa ndi nthabwala, koma kukayikira mwana wa eni pamaso pa amayi ake ndi chipongwe chimene anthu angachikumbuke mpaka ubatizo wa adzukulu. Ndipo akangoti ndi yemweyu, chotsatira ndi nkhuku. A Kachingwe anayang'ana kuchitseko. Kunalibe munthu.

"Ndipemphe nawo," anatero, "kuti ine ndi nkhoswe mnzanga tionane pambali."

Anakaima m'kanjira ka kukhitchini, pakati pa mipando yopinda ndi mapoto a mpunga. A Kachingwe anali atawerenga za akuluakulu ambiri ogonja, ndipo ankadziwa kuti zimachitika munthu ataima chilili.

"Bambo Mwakalinga, tambala ali pamsewu. Ndinamusiya ku Kokomo. Wolakwa ndine, osati wonyamula."

A Mwakalinga anapukusa mutu.

"Ndinadziwa pamene munapempha mpando," anatero. "Munthu amene katundu wake ali pafupi sakwera mpando."

"Ndiye titani?"

"Mwandiika pamalo ovuta, a Kachingwe. Ndinanena pagulu kuti popanda tambala sitipereka mwana. Ndikabweza mawu, mawa mumpingo palibe adzandimvere. Ndikapanda kubweza, mlongo wanga, mayi wa mwanayu, sadzandilankhulanso, ndipo mkazi wanga ali mbali yake." Anapukuta pamphumi. "Wafika pati?"

"Wadutsa Westfield, koma akadali patali."

A Mwakalinga anayang'ana wotchi, kenako denga.

"Mwanayo timuvundukule, asafere m'chitenje. Kenako ndilengeza kuti kwathu nkhuku zisanaperekedwe, nkhoswe ya kuchimuna imayamba yalangiza ana."

"Kodi mwambo umenewo ulipo?"

"Uyamba lero. Funso langa ndi lakuti, mumatha kulankhula nthawi yaitali?"

A Kachingwe anayang'ana pansi modzichepetsa. "Ndimayesako."

"Koma timvane. Tambala akangolowa, musiyire pomwepo, ngakhale pakati pa mawu. Apo ayi, ndimubweza."

Anagwirana chanza n'kubwerera. Chawezi anavundukulidwa, Kenan anavomera kuti ndi yemweyo, amayi anavina mozungulira, ndipo a Mwakalinga analengeza mwambo wa makolo umene unali ndi mphindi zisanu zakubadwa. Akuluakulu ena a ku Karonga anayang'anana, koma palibe anafuna kuoneka ngati sakudziwa za kwawo, choncho anagwedeza mitu.

A Kachingwe analandira maikolofoni.

"Ana anga, Kenan ndi Chawezi. M'chaka cha 1812, munthu wina ananyamuka ulendo wa ku Russia."

Mayi Sophia anatseka maso. Shalom, amene anabwera kuchokera ku koleji, anatsetsereka pampando mpaka kutsala mutu wokha.

Kunena mwachilungamo, malangizowo sanali oipa. Anati munthu uja analowa m'dziko la eni ndi gulu lalikulu, osafunsa kuti chisanu cha kumeneko chimayamba liti, ndipo banja nalonso amalowamo anthu nthawi yotentha, osagula majekete. Anati anafika mpaka ku Moscow n'kupeza mzinda wopanda anthu, monga mwamuna amene wapambana mkangano n'kupeza kuti m'nyumba mulibe womulankhula. Apa azibambo anaseka mosamala, azimayi anaombera m'manja. Anati kubwerera m'mbuyo si manyazi, manyazi ndi kuchedwa kubwerera. Kenako anaiwala za banja. Anayamba kufotokoza za akavalo, za nsapato za asilikali, za Ney ndi anthu ake akuyenda m'chipale chofewa. Anasuntha mabotolo a zakumwa patebulo la akwati kuti aonetse pamene panali mtsinje wa Berezina. Kwa nthawi yoyamba chichokere ku Mchinji anali ndi holo yodzaza, maikolofoni, ndi chilolezo.

"Tsono tamverani. Adani ali kutsogolo, adani ali kumbuyo, mtsinje uli ndi madzi oundana, mlatho wawotchedwa. Amisiri a milatho anavula majekete n'kulowa m'madzimo mpaka m'khosi. Ndiye m'mawa mwake, Napoleon atayang'ana kutsidya, anaona kuti..."

Kukhomo kunamveka kulira kwa tambala, kwamphamvu, kosasa pang'ono chifukwa cha bisiketi. A Yohane analowa atanyamula basiketi yochapira zovala yomangidwa ndi chitenje pamwamba, mutu wofiira utatulukira pambali.

A Kachingwe anaima, dzanja lili m'mwamba. A Mwakalinga anawayang'ana. Amene anali pafupi amati milomo ya a Mashalo inagwedezeka yokha kangapo. Kenako anaika maikolofoni patebulo bwinobwino, ngati dzira.

"Anaona chiyani?" anafunsa bambo wina kumbuyo.

"Mudzawafunse kwawo," anayankha amayi busa. "Bweretsani nkhukuyo."

A Kachingwe anamasula chitenje, anagwira tambala m'mapiko ndi manja awiri, anagwada bondo limodzi n'kumupereka. A Mwakalinga anamutembenuza uku ndi uku, anamukweza kuti anthu aone, n'kunena kuti alandira. Iwonso anatulutsa thadzi loyera m'katoni n'kulipereka. Nthungululu zinagwedeza mawindo. Kenan anajambulitsa atagwira dzanja la Chawezi, malume ake ali pambali ndi thadzi kukhwapa, ndipo chithunzicho chinafika ku Dedza mpunga usanagawidwe. Yankho linabwera la mawu ojambulidwa, koma munalibe mawu. Munali mlongo wawo akululutira, agalu a pamudzi akuuwa.

Anthu akupinda mipando, a Mwakalinga anawapeza a Kachingwe panja poimika magalimoto. Anali atavula jekete, tambala ali m'manja, malaya ali ndi zizindikiro zoti tambalayo wayamba kale kuwazolowera.

"A Kachingwe, ndifunseko. Ine ndimakhala m'nyumba zosanjikizana, pamwamba penipeni. Pansi panga pali mayi amene amadandaula ngakhale ndikatsokomola. Kupha sindinaphepo. Ameneyu ndipita naye kuti?"

A Kachingwe anaika thadzi lawo m'basiketi ija, n'kuipereka kwa a Yohane.

"Bambo Mwakalinga, ine ntchito yanga inali kumufikitsa."

"Simungamusungeko mpaka Lolemba?"

"Mwalandira pamaso pa mboni. Koma ndikuuzeni chimodzi, poti tsopano ndife abale. Mlimi anati amayamba kulira kusanache, ndipo salekeza."

A Mwakalinga anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto yawo, anayang'ana mipando yachikopa, n'kuyamba kuyala jekete.